Bwalo latsopano la ku Madrid alitcha Madring: dzinali lakukhalani bwanji?

Ganizani: Akuluakulu, mwaswera bwanji pagulu pano? Pali kanthu kakundidya mumtima kuyambira Lamulungu lija tinkaonera mpikisano wa magalimoto kugalaja kwa a Fatsani. Muulutsi uja anatchula kangapo za bwalo latsopano la ku Madrid, limene liyambe kulandira Formula 1 mu Seputembala 2026, ndipo dzina lake akuti ndi Madring. Angotenga Madrid, n'kudula kumchira, n'kumatapo ring. Ndayesa kulitchula m'mawa, ndayesa madzulo, koma silikukhazikika pakamwa. Mzinda wakale ngati umenewu ungasowe dzina lenileni mpaka kuchita kupeka lotere? Ndikufuna ndimve maganizo anu.

Fatsani Makaniko: Taswera achimwene. Ine za dzina sindinaziganizire kwenikweni, maso anga ali pa kona ija akuitcha La Monumental. Akuti msewu pamenepo ndi wopendekeka ndi 24 peresenti. Kuti mumvetse, tiyerekeze kuti msewu ndi wotambalala mamita 10, ndiye kuti mbali yakunja ili pamwamba ndi mamita 2.4 kuposa yamkati, kutalika kuposa chitseko cha nyumba. Galimoto ikalowa pamenepo ndi liwiro, kulemera konse kumakanikiza matayala pansi m'malo moitaya kunja. Dalaivala sachotsa phazi pamoto, koma matayala ndi amene amalira. Bwalo lonse ndi la makilomita opitirira pang'ono 5, makona 22. Zimenezi ndiye zikundipatsa chidwi.

Ganizani: Mwaona a Fatsani, inu nomwe mwatchula La Monumental mosakakamira. Limenelo ndiye dzina. Lili ndi kwawo, chifukwa ndi mmene anthu a ku Madrid amatchulira bwalo lawo lalikulu la masewera a ng'ombe zamphongo la Las Ventas. Amene anatha kupeza dzina labwino chotere la kona imodzi analephera bwanji pa bwalo lonse?

Thoko: Achimwene a Ganizani, ndiloleni ndiliikire kumbuyo pang'ono. Kumata ring kumapeto kwa dzina la malo sikunayambe ndi a ku Madrid. Ring ndi mawu a Chijeremani otanthauza chinthu chozungulira, ngati mphete. Nürburgring anaitsegula mu 1927, ndipo dzinalo linachokera ku mudzi wa Nürburg umene uli pomwepo. Hockenheimring ndi chimodzimodzi, tauni ya Hockenheim kuphatikiza ring. Ku Hungary atamanga lawo mu 1986 anati Hungaroring, ndipo lero tonse timalitchula osaona chachilendo. Eni ake a Madring atalengeza dzinali mu Malichi 2025, mfundo yawo inali yoti likhale lalifupi, losavuta kukumbukira, loti munthu wa chilankhulo chilichonse alitchule. Ine ndikuona kuti pamenepo anakwanitsa.

Ganizani: Achemwali, Ajeremani akamati ring akulankhula chilankhulo chawo. Anthu a ku Spain amati circuito. Ndiye abwereka mawu a eni kuti asangalatse alendo.

Aphunzitsi a Namakhwa: Pali chinanso chimene simunachitchule. Mwana aliyense wa sitandade 5 amadziwa kuti mad pa Chingerezi ndi munthu wamisala. Wongomva dzinali koyamba amva kuti bwalo la misala. Formula 1 imaulutsidwa kwambiri m'Chingerezi, ife tomwe timaonera pa SuperSport. Sindikhulupirira kuti m'chipinda chonse cha anthu ophunzira munalibe ndi mmodzi yemwe amene anazindikira zimenezi. Anazidziwa, ndipo mwina anazikonda, poganiza kuti achinyamata akopeka. Ine zimandidandaulitsa dzina la malo likamasankhidwa ngati dzina la chakumwa chatsopano.

Yamikani wa Kabaza: Aphunzitsi, koma kuyendetsa makilomita oposa 300 pa ola pakati pa makoma a simenti, anthu ambiri kwathu kuno angati ndi misala ndithu. Mayi anga akaona pa TV amatseka m'maso. Dzinalo likunena zoona.

Aphunzitsi a Namakhwa: Ayi mwanangu, si misala. Munthu amene amadziwa mita yeniyeni yopondera mabuleki, kazungulire kalikonse, kwa ola ndi theka, mutu wake ukuyenda bwino kuposa wa ambirife. Ndi chifukwa chake mawuwo sakundikomera.

Chikondi ku Joni: Moni nonse kumudzi. Ndangoweruka kumene, ndapeza mauthenga atachuluka. Ine ndili mbali ya achimwene a Ganizani, ndipo umboni wanga ndimaudutsa tsiku lililonse popita kuntchito kuno ku Midrand. Kyalami. Dzinali linachokera ku Chizulu, khaya lami, kutanthauza kwathu, nyumba yanga. Bwalolo analitsegula mu 1961. Formula 1 inathamanga pamenepo kuyambira 1967 mpaka 1985, n'kubwereranso 1992 ndi 1993. Mpikisano wa 1993 uja, umene anapambana Alain Prost, ndi womaliza kuchitika mu Africa muno mpaka lero. Msewu wake anausintha, mbali ya malo akale inamangidwa nyumba ndi maofesi, eni ake asinthasintha, mu 2014 linagulitsidwa pa okushoni, koma dzina silinagwedezeke. Lero dera lonse lozungulira ndi Kyalami. Ukakwera takisi umangoti Kyalami, dalaivala sakufunsanso kawiri.

Mayi a Tadala: Ine zamagalimoto ndinazidziwira kwa bambo a kunyumba kuno, koma nkhani ya maina ndiye ndilankhulapo. Sabata iliyonse ndimanyamula nanazi pa Chitakale kupita nazo ku Limbe. Msewu timadutsawu, mu 2006 boma linautcha Robert Mugabe Highway, mwini dzina anachita kubwera yekha kudzautsegulira. Tsopano pitani pa siteji m'mawa wa 5 koloko mukamvere makondakitala. Amakuwa kuti Limbe ya Midima, Limbe ya Midima, wina uko Limbe ya Thyolo. Zaka zonsezi sindinamvepo kondakitala ngakhale mmodzi akuitanira dzina linalo. Ukatsikira pa Nkando umauza wakwanu pafoni kuti ndili mu Midima. Ndiye a ku Madrid alembe zimene alembe pachikwangwani, pakamwa pa anthu padzatuluka zina.

Yamikani wa Kabaza: Mayi mwalasa. Komanso amene anasankha dzina limenelo sanatifunse ife a kuno, anangoti

Ganizani: A Yamikani, imani pomwepo. Tinagwirizana kuti ndale pagulu pano ayi. Mayi a Tadala apereka chitsanzo cha dzina basi, tisapitirire apo.

Yamikani wa Kabaza: Pepani akulu, ndamva.

Bambo Likoswe: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mdzukulu wanga ndi amene akundilembera, maso anga pa kafoni aka sagwiranso ntchito bwino, ndiye mundipirire ndikatalikitsa.

Mzinda wa Madrid si mlendo pa mpikisanowu. Kumpoto kwake kuli bwalo lotchedwa Jarama, ndipo Jarama ndi mtsinje umene umadutsa kumeneko. Formula 1 inathamanga komaliza pamenepo mu 1981. Nthawi imeneyo ndinali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno, ndipo bwana wathu ankalandira manyuzipepala akunja atachedwa masabata awiri kapena atatu. Akatha kuwerenga ankawasiya mu ofesi kuti tizikulungira zinthu. Ine ndinkayamba ndawerenga tsamba lamasewera. Ndi mmene ndinadziwira za Gilles Villeneuve, mnyamata wa ku Canada amene ankayendetsa Ferrari. Tsiku limenelo galimoto yake inali ndi mphamvu pamsewu woongoka koma yolemera m'makona. Anzake anayi anamutsatira kumbuyo ngati ana a nkhuku, akumufinya kona iliyonse, iye osalakwitsa ngakhale kamodzi. Pomaliza, kuchokera woyamba kufika wachisanu sipanakwane masekondi awiri. Ndinadula chithunzi chake n'kuchimata mkati mwa chitseko cha kabati ya mabuku a malipiro. Chaka chotsatira, 1982, anafa pangozi ku Zolder m'dziko la Belgium.

Zaka zoposa 40 zadutsa, koma wina akati Jarama, ine ndimaona magalimoto asanu aja atandondozana, ndimamvanso fungo la tiyi wofota kuchokera kufakitale. Mtsinje uja unalipo mpikisano usanabwere, ulipo mpikisano utachoka.

Pa esiteti paja minda yonse inali ndi manambala m'mabuku anga. Filudi 7, filudi 12, filudi 23. Koma kapitawo akamagawa anthu m'mawa sankatchula nambala. Ankati inu pitani kwa Njoka, inu ku Mathithi, inu Pamanda. Kwa Njoka kunali kumene mayi wina analumidwa akuthyola tiyi, kale ine ndisanayambe ntchito. Ine ndi amene ndinkavutika kumasulira maina awo kuti alowe m'manambala anga. Bwana watsopano atabwera analamula kuti aliyense azitchula nambala. Sipanathe miyezi itatu, iye yemwe anayamba kunena kuti kwa Njoka.

Ndiye funso langa pa Madring ndi lakuti, kodi pamalopo panalibe mtsinje, phiri, mudzi kapena mtengo?

Fatsani Makaniko: Bambo, nkhani ya Jarama imeneyi sindinaimvepo. Zikomo kwambiri. Ndikaifufuza pa YouTube usiku uno.

Thoko: Agogo, zikomo, ndawerenga kawiri. Koma ndiyankhe funso lanu moona mtima. Dzina la Jarama sakanalitenga chifukwa bwalo la Jarama likadalipo ndipo likugwirabe ntchito. Latsopanoli lili pafupi ndi bwalo la ndege la Barajas, likuzungulira malo a zionetsero zamalonda otchedwa IFEMA, ngati Trade Fair ya pa Chichiri koma yaikulu kwambiri, kenako n'kulowera kudera la Valdebebas. Mukanakonda liti? IFEMA ndi zilembo za dzina la bungwe, mulibe moyo. Valdebebas ndi dzina la malo ndithu, koma tayesani kulitchula katatu mofulumira. Komanso ochemerera Real Madrid pagulu pano akudziwa kuti ukangoti Valdebebas anthu amaganiza za kumene timu yawo imachitira zokonzekera. Dzina limenelo lili kale ndi mwini.

Chikondi ku Joni: Valdebebas ine ndalitchula bwinobwino kuno. Ngati tinaphunzira kunena Spa-Francorchamps, bwalo la ku Belgium lija, chingatikanike n'chiyani?

Ganizani: Ndipo ku Spa komweko kuli Eau Rouge, kona yotchuka kuposa zonse, tanthauzo lake madzi ofiira, chifukwa pansi pake pamadutsa kamtsinje ka madzi ofiirira. Palibe anachita msonkhano kuti apeke. Chimodzimodzi Interlagos ku Brazil, kutanthauza pakati pa nyanja, poti malowo ali pakati pa madamu awiri akuluakulu. Mu 1985 boma la mzinda linalitcha dzina la José Carlos Pace, dalaivala wawo amene anapambana pomwepo mu 1975 n'kufa pangozi ya ndege mu 1977. Munthu woyenera ulemu ndithu. Koma ndani pagulu pano anayamba wanenapo kuti Lamulungu kuli mpikisano wa ku Carlos Pace? Tonse timati Interlagos. Ndi nkhani ya Midima yomwe ija.

Thoko: Koma si nthawi zonse, achimwene. Bwalo la ku Montreal analitcha Gilles Villeneuve mu 1982 atangomwalira, ndipo dzinalo linagwira. Kwathu konkuno, sitediyamu ya ku Blantyre inayamba ndi dzina la Rangeley, n'kukhala Kamuzu, n'kukhala Chichiri, mu 2004 n'kubwerera ku Kamuzu. Anthu anasankha okha limene linawakhala pakamwa, ndipo ndi dzina la munthu, osati la malo. Ya ku Lilongwe tonse timati ku Bingu. Ndiye sizoona kuti dzina lochokera mu ofesi limafa nthawi zonse. Lina limafa, lina limamera. Chimene ndikukana ine ndi kuliweruza lisanayesedwe.

Aphunzitsi a Namakhwa: Apa Thoko wanena zomveka. Komabe taonani kusiyana kwake. Villeneuve anapambana mpikisano woyamba pa bwalo la ku Montreal lomwelo mu 1978, anthu a kwawo akuona ndi maso. Dzina litabwera linapeza nkhani ili kale m'mitima. Madring yabwera pamalo pamene sipanagwe ngakhale dontho la thukuta.

Fatsani Makaniko: Ine pamene ndikuyamikira a ku Madrid ndi pakuti sanagulitse dzina kwa kampani. Taonani la ku Austria. Linayamba ngati Österreichring mu 1969. Atalikonzanso linakhala A1-Ring chifukwa cha kampani ya mafoni. Kuyambira 2011 ndi Red Bull Ring. Phiri lomwelo, maina atatu, malinga ndi amene wagwira chikwama. Ife a Maule timazidziwa bwino zimenezi. Bambo anga ankati Bata Bullets, ine ndinakulira Total Big Bullets, kenako Bakili Bullets, lero FCB Nyasa Big Bullets. Anzathu a Manoma nawo adutsa mu Limbe Leaf, MTL, Be Forward, Mukuru. Wothandiza timu amayenera ulemu wake poti ndalama ndi zake, koma pa sitandi timangoimba Maule. Madring ngakhale ikuoneka yopeka, mkati mwake muli dzina la mzinda. Palibe adzalichotse mawa chifukwa choti kontirakiti yatha.

Ganizani: Mfundo imeneyo ndaivomera, a Fatsani. Pakati pa Madring ndi dzina la kampani ya zakumwa, ndingatenge Madring.

Mayi a Tadala: Ndiye mwayamba kufewa.

Ganizani: Pang'ono mayi, osati kwambiri.

Yamikani wa Kabaza: Ndinene kanga. Pali kona ina pamsewu wafumbi umene ndimadutsa ndi makasitomala kupita kumidzi ya kuseri kwa tiyi. Kale tinkangoti pakona paja. Chaka chatha nthawi ya chiperoni ndinanyamula mayi wina ndi thumba la ufa kumbuyo. Chifunga chinali chotseka, dothi lofiira lija litasanduka sopo. Nditangogwira buleki yakutsogolo tayala linathawa, tonse pansi. Mwamwayi mayiwo sanavulale, ine ndinasupuka bondo ndi chigongono, koma thumba linaphulika, msewu wonse mbuu. Ufa unakhala pamenepo masiku awiri, nkhuku za m'mudzi zikuchita phwando. Lero anzanga onse pa siteji amati Paufa. Ukamva wina akuti chenjera Paufa pakuterera, umadziwa kuti uchepetse moto usanafike pa mtengo wa bulugamu uja. Dzinali latithandiza, chifukwa chiyambireni palibe wagwaponso. Ndiye ndikuganiza kuti ku Madrid nako, tsiku limene wina adzagunde khoma kapena kupitirira mnzake mochititsa kaso, makona aja adzapeza maina awo.

Bambo Likoswe: Mwanangu Yamikani, wandikumbutsa kwa Njoka. Bondolo linapola?

Yamikani wa Kabaza: Linapola bambo, chatsala ndi chipsera.

Aphunzitsi a Namakhwa: Kwathu kuno mwana sapatsidwa dzina tsiku lobadwa. Amadikira mchombo ugwe, atuluke m'chikuta, ndiye agogo kapena atsibweni amamuyang'ana, amayang'ananso zimene banja ladutsamo, n'kutchula. Ndi chifukwa chake tili ndi a Mavuto, a Chimwemwe, a Tamandani, dzina lililonse ndi nkhani ya pakhomo. A ku Madrid atchula dzina chaka ndi theka mwana asanabadwe.

Thoko: Aphunzitsi, koma matikiti ungagulitse bwanji a malo opanda dzina? Mgwirizano wawo ndi Formula 1 ndi wa zaka 10, kuyambira 2026 mpaka 2035, ndipo ndalama zimene alowetsapo ziyenera kubwerera. Ayeneranso kudzisiyanitsa ndi bwalo la ku Barcelona, limene linakhala ndi Spanish Grand Prix kuyambira 1991 mpaka 2025 ndipo mu 2026 likhalabe ndi mpikisano wake pansi pa dzina lina. Ndi chifukwa chake anatenganso dalaivala Carlos Sainz, mwana wobadwira mu Madrid momwemo, kuti akhale kazembe wa bwaloli. Malonda sadikira mchombo.

Aphunzitsi a Namakhwa: Ndiye tagwirizana kuti ndi dzina la malonda.

Thoko: Inde, ndipo sindikuona cholakwika. Amene akuthamangitsa magalimotowo onse ndi amalonda.

Chikondi ku Joni: Ndakhala ndikuganizira zimene ndinalemba poyamba zija, ndipo pali mbali imene ndinaisiya. Mnzanga wina wachikulire kuntchito, Mzulu, nditamuuza kuti ndimakonda dzina la Kyalami anangopukusa mutu. Anandikumbutsa kuti 1961 inali nthawi ya tsankho. Bwalo linatchedwa kwathu m'chilankhulo chake, pamene iye ndi makolo ake ankayenda ndi chiphaso m'thumba kuti aloledwe kupezeka m'madera ngati amenewo. Mu 1985 matimu a ku France, Renault ndi Ligier, anakana kubwera chifukwa cha tsankho lomwelo, ndipo Formula 1 inachoka mpaka 1992. Ndiye dzina lokoma lija linali ndi chilonda pansi pake. Lero iye amapita kukaonera mipikisano ya njinga zamoto ndi adzukulu ake, akuti tsopano ndiye dzinali layamba kunena zoona. Sindikusintha mbali, Madring sindikuikondabe, koma ndaona kuti dzina lochokera m'chilankhulo cha eni nthaka palokha silikwanira.

Bambo Likoswe: Chikondi, wachita bwino kubwerera n'kunena zimenezi. Ife tinakula boma lino likulembedwa Mlanje, Thyolo akulemba Cholo, ndipo kale kwambiri pa boma pano ankati Fort Anderson. Mangochi inali Fort Johnston, Nsanje inali Port Herald, Mchinji inali Fort Manning, Chitipa inali Fort Hill. Maina atabwezedwa titalandira ufulu, amayi anga sanaone kusintha kulikonse, chifukwa iwo sanasiyepo kunena Mulanje. Amene anavutika ndi ife a m'maofesi, kusintha zidindo.

Fatsani Makaniko: Nanga a ku Rwanda akapambana? Pulezidenti Paul Kagame analengeza mu Disembala 2024 ku Kigali kuti dziko lake likufuna Formula 1, ndipo malo amene akutchulidwa ndi kufupi ndi bwalo la ndege latsopano ku Bugesera. Akadzati Kigaliring, a Thoko mudzavomera?

Thoko: Ayi, pamenepo ndingakane. Bugesera ndi dzina lokoma kale, lotchulika, silifuna kumata kanthu.

Ganizani: Eya! Ndiye mwafika pamene ndinayambira ine.

Thoko: Sindinafike achimwene. Bugesera ilibe mwini wina m'masewera, Valdebebas ili naye. Nkhani zake n'zosiyana.

Yamikani wa Kabaza: Nanga atati amange kuno, kuzungulira m'minda ya tiyi phiri likuoneka kumbuyo, tingalitche chiyani? Ine ndikuti Sapitwa. Dziko lonse lingadziwe.

Mayi a Tadala: Sapitwa pamalo poti anthu azipitapo? Dzinalo likuletsa kale.

Bambo Likoswe: Limenelo lisiyeni ana anga. Sapitwa si dzina lokongoletsera. Nsonga ija, mamita 3,002, makolo athu ankaiopa ndi kuilemekeza chifukwa ndi malo a mizimu, ndipo anthu asowako ndithu, ena osapezeka mpaka lero. Kutenga dzina limenelo n'kulipachika pa phokoso la mainjini ndi malonda a mowa, ine mtima wanga sungalole. Maina ena a malo ndi olemera moti sanyamulika kupita nawo pena. Mwina a ku Madrid nawo anali ndi maina otere, n'kuona kuti ndi bwino kupeka latsopano kusiyana n'kudetsa lakale. Sindinaganizepo mbali imeneyi mpaka Yamikani atatchula Sapitwa.

Aphunzitsi a Namakhwa: Taonani mpikisano wathu wa m'phiri uja. Timangoti Porters Race, kutengera anyamata onyamula katundu wa alendo amene anauyamba. Amayambira pa Likhubula, kukwera, kudutsa pamwamba, n'kutsikanso. Palibe anautcha Sapitwa, ngakhale kuti likanamveka patali. Unatenga dzina la anthu ake.

Fatsani Makaniko: Ine ndikanati Thuchila. Mtsinje, lalifupi, ndipo mzungu angalitchule.

Chikondi ku Joni: Ruo ndiye lalifupi kuposa onse. Zilembo zitatu.

Ganizani: Mwaona, pa mphindi zochepa tapeza awiri, osabwereka kwa Mjeremani.

Thoko: Mwapeza awiri ndipo mwayamba kale kusiyana. A ku Thuchila akanati lathu, a ku Ruo akanati lathu, a ku Likhubula akanafunsa kuti ife talakwanji. Mulanje ndi dzina lokhalo limene tonse tikanalivomera, ndipo ndi zimene achita anzathuwo potenga Madrid.

Ganizani: Akanangoti Madrid basi, ngati mmene zilili ku Monza, Suzuka kapena Silverstone. Mchira uja ndi umene ukundivuta.

Mayi a Tadala: Ndayesa kanthu kuno. Ndamuonetsa Tadala dzinali pafoni kuti awerenge, ali sitandade 3. Wayang'ana, wayendetsa chala, n'kunena kuti Madiringi. Ndapita nalo kwa apongozi anga ali pakhonde akusola nandolo, ndawatchulira kawiri, iwo akuti Madilingi ndi kuti, kufupi ndi Milanje? Ndiye kuno likafika likhala Madiringi, ngati mmene Johannesburg inakhalira Joni.

Chikondi ku Joni: Madiringi ikumveka bwino kuposa loyambalo. Apatseni moni agogo.

Bambo Likoswe: Mdzukulu wanga akuti batire yatsala pang'ono. Fatsani, tsiku la mpikisanowo undisungire mpando wakutsogolo, pafupi ndi TV, makutu anga ndi olemera. Ndikufuna ndione kona yopendekekayo. Papita zaka 45 chichokereni Formula 1 ku Madrid pofika tsikulo, ndipo ulendo uja ndinangoona pa pepala.

Fatsani Makaniko: Mpando ulipo bambo, wa ndalema uja. Ndi Lamulungu pa 13 Seputembala 2026. Miyezi imeneyo nthawi ya ku Madrid ndi ya kuno zimafanana, ndiye sitidzavutika kuwerengera maola ngati mmene timachitira ndi Suzuka. Chimene ndikupempha ndi chakuti tisonkherane ya mafuta a jenereta kukadali nthawi, magetsi asadzatichite zimene anatichita tsiku lija kutatsala maulendo asanu ozungulira bwalo.

Yamikani wa Kabaza: Bambo Likoswe ndidzakawatenga ndine kunyumba, ulere. Tidzadutsa msewu wa tala, osati Paufa.

Ganizani: Ndilembeni malita awiri, a Fatsani. Pa uthenga woitanira anthu ine ndidzalemba kuti mpikisano wa ku Madrid.

Thoko: Lembani choncho achimwene, ine ndidzawonjezera Madring pansi pake kuti ofufuza pa intaneti asasochere. Lita imodzi kwa ine, nditumiza pa foni Lachisanu.